Bambo Aulemu, Kaunjika ndi Chala Changa

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka lero masana. Bedi langa lili pafupi ndi zenera, ndipo ndikadzutsa mutu ndimaona zingwe zoyanikapo zofunda za chipatala. Ndikulemba m'mapeji otsala a buku langa la miyezo ya makasitomala, chifukwa telala akakhala manja lende amayamba kuganiza zopusa.

Vuto ndi chala chachikulu cha phazi lamanja. Ndinaponda pini m'shopu osamva n'komwe, mpaka ndinaona magazi pachopondera cha makina. Akuti shuga ndiye anapha kumva m'mapazimu. Ndinkatsuka ndi madzi amchere, kumanga kansanza, n'kumapalasabe, poti ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndimalize. Lero chala chatupa, chada kunsonga, ndipo fungo lake lachititsa kuti mwana wanga andikokere kuno ngati mbuzi yopita kumsika.

Shuga ali pa 21. Anesi anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Diripi kudzanja lamanzere, mankhwala opha tizilombo katatu pa tsiku, jakisoni wa shuga ndisanadye.

Phazi limeneli ndi limene limapalasa makina. Lalera ana, lamanga nyumba. Ndikuopa, sindibisa.

Lachiwiri, 7 Meyi

Shuga 17. Phala lopanda shuga, tiyi wopanda shuga. Moyo wopanda shuga, koma shuga ali tho m'magazi, abale inu.

Pabedi loyandikana nalo pali mayi wogulitsa masamba kumsika amene anathyoka mwendo atagwa panjinga yamoto. Mwendo uli m'mwamba pachitsulo, koma pakamwa pali bwinobwino. Wodi yonse imawatchula kuti Mayi Wailesi, ndipo iwo amavomera. Pofika nthawi ya nkhomaliro ndinali nditadziwa kale matenda a aliyense muno, ndiponso amene mwamuna wake sabwera.

Adokotala ndi mtsikana wamfupi, wamanja ozizira, wosachulutsa mawu. Anatsuka chilonda, anadina apa ndi apo, kenako anatenga cholembera n'kujambula mzere paphazi kuzungulira pamene kutupa kwalekezera. Ndinawauza kuti ifenso timatero ndi choko tisanadule nsalu, ndipo ndinadzimvera chisoni ndekha ndi mawu akuti kudulawo. Mawa andijambula mafupa.

Madzulo kunabwera bambo a kunyumba ndi mwana wanga, aliyense foni m'manja. Chipumireni pantchito yoyendetsa lole, bambowa anapeza bwenzi m'foni: pulogalamu ija umailembera funso n'kukuyankha ngati munthu. Amaifunsa za nkhuku zawo, za msana wawo, za mvula. Ine ndinaipatsa dzina loti Bambo Aulemu, chifukwa siyamba kuyankha isanathokoze kaye ndi kupepesa. Mwana wanga, poti ndi mphunzitsi, sayikhulupirira. Iye amafufuza yekha pa intaneti, amati kumeneko umaona amene walemba. Kufufuza kwakeko ndimakutchula kuti Kaunjika: umalemba mawu awiri, n'kukukhuthulira mulu wonse kuti usankhe wekha.

Anandibweretsera mazira owiritsa ndi malalanje. Anesi analola lalanje limodzi, ena onse anathera kwa Mayi Wailesi.

Lachitatu, 8 Meyi

Shuga 14. Anandijambula m'mawa, adokotala anabwera ndi chithunzi masana. Matenda afika pafupa la kunsonga kwa chala. Tipitiriza mankhwala mpaka kumapeto kwa sabata. Akapanda kugwira, achotsa chala. Tikachedwa, nkhani sikhalanso ya chala koma ya phazi lonse. Anatero mosazungulira, n'kupita pabedi lina.

Zambiri zimene ananena zinandidutsa.

Apa ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo Bambo Aulemu. Bambo a kunyumba analemba mawu onse a adokotala m'fonimo, ndipo yankho linabwera lofatsa, lomveka: chifukwa chake chilonda cha munthu wa shuga chimachedwa kupola, chifukwa chake mankhwala amavutika kufika m'fupa, mafunso amene ndingafunse mawa. Zonse zinagwirizana ndi za adokotala, kungoti izi zinali ndi nthawi yondibwerezera kawiri. Mtima unakhalako pansi.

Kenako mwana wanga anati amayi onaninso izi, n'kundipatsa Kaunjika wake. Kalanga ine! Pamwamba penipeni panali anthu ogulitsa mafuta opoletsa chilonda chilichonse. Pansi pake zithunzi za mapazi zimene sindikanafuna kuziona ndisanadye. Kenako munthu wina wolumbira kuti anachira ndi uchi. Pansi ndithu m'pamene panali tsamba la chipatala china chachikulu, lonena zomwezo za adokotala, lili ndi dzina la wolemba ndi tsiku. Mwana wanga anati mwaonatu, apa pali mwini wake. Bambo ake anati inde, koma wawaonetsa kaye amayi ako zoopsa. Anakangana monong'ona mpaka belu lotulutsa alendo.

Lachinayi, 9 Meyi

Thupi latentha, 38.6. Shuga 16. Asintha diripi, aika kudzanja lamanja, kulemba kukuvuta. Sindinadye. Mayi Wailesi anakhala chete kuti ndigone, ndipo wodi yonse inadabwa.

Lachisanu, 10 Meyi

Kutentha kwatsika. Shuga 12. Ndadya mpunga pang'ono ndi nkhuku yowiritsa, ndipo makani anga abwerera.

Ndatopa ndi mkangano wa awiriwa, choncho lero ndinagamula kuti tiwayese alangizi awowo. Za mafupa sindizidziwa, ndingaweruze bwanji? Ndinati tiwafunse zimene ine ndikuzidziwa ngati chikhatho changa: ulusi ukamamangana kunsi kwa nsalu posoka, vuto limakhala pati? Wosadziwa aliyense amathamangira kubobini, kumene kumakhala ulusi wapansi, poti ndi kumene kuli chipwirikiti. Koma nthawi zambiri vuto limakhala ulusi wapamwamba, sunalowe bwino m'njira yake kapena walekerera.

Kaunjika anayamba ndi kutigulitsa makina atsopano. Mwana wanga anatsika, anatsika, mpaka anapeza kanema wa bambo wina wokalamba akukonza makina ngati anga. Nkhope yake sinaoneke, koma manja ake ndinawaona, ndipo manja a telala sanama. Anayambira ulusi wapamwamba. Wakhoza, koma tamufunafuna.

Bambo Aulemu anayankha nthawi yomweyo, ndipo anakhozanso: yambani ndi ulusi wapamwamba. Bambo a kunyumba anakhala ngati ndi iwo apambana mayeso.

Tsono ine ndili ndi kayesedwe kanga. Mtsikana akabwera kudzaphunzira ntchito m'shopu mwanga, ndimamupatsa nsalu kuti asoke msoko wowongoka. Akasoka bwino, ndimaunyamula, ndimakwinya nkhope, n'kunena kuti wakhota. Amene amati pepani mayi, ndimasula, ameneyo sindimupatsa nsalu ya kasitomala, chifukwa tsiku lina adzavomera kudula pamene sipoyenera kungoti wina wakweza mawu. Amene amatenga rula n'kunena kuti mayi tayezani, ameneyo ndi wanga.

Ndinauza bambo kuti alembe kuti: wanama, ine ndasoka moyo wanga wonse, vuto ndi bobini. Analemba. Mayi Wailesi anatukula khosi. Yankho linabwera: pepani kwambiri, mukunena zoona, ndi luso lanu mukudziwa bwino, tiyeni tiyambe ndi bobini. Wodi yonse inafa nako kuseka, mpaka anesi anabwera kudzaona ngati wina wagwa.

Kunena chilungamo, chakumapeto anawonjezera kuti ndionenso ulusi wapamwamba. Koma anali atagwada kale. Bambo anati ndi ulemu chabe umenewo. Ine ndinati ulemu wotere ndimaudziwa, ndi umene ndimauza nawo kasitomala wonenepa kuti diresi yamukhala.

Mwana wanga anati tsono Kaunjika wapambana. Ndinati ayi, iwe, Kaunjika sangagwade chifukwa samva n'komwe. Ukamutsutsa amangokukhuthuliranso mulu wina.

Lero ndaseka kwambiri. Chala sichinasinthe.

Loweruka, 11 Meyi

Shuga 11. Adokotala anayang'ana chilonda nthawi yaitali, n'kunena kuti mankhwala agwira thupi koma chala sanachigwire. Opaleshoni Lachiwiri. Lolemba abwera ndi pepala loti ndisayine.

Ndinalira pang'ono, nkhope nditalozetsa kuzenera.

Masana bambo a kunyumba analowa akumwetulira ngati apeza ntchito. Anakhala pampando, anavala magalasi, n'kundiwerengera zimene Bambo Aulemu anena: kuti n'zotheka ndithu matenda a m'fupa kuchira ndi mankhwala okha, kuti alipo anthu amene anapulumutsa chala atamwa mankhwala masabata angapo, kuti poti kutentha kwatsika ndi chizindikiro chabwino, kuti ndili ndi ufulu wopempha kudikira. Mawu ozuna, abale, kuposa shuga amene andiletsayo. Ndinawauza kuti abwereze, ndipo anabwereza.

Ine yemwe, amene dzulo ndimaseketsa wodi ndi kugwada kwa Bambo Aulemu, lero ndinawakumbatira ndi manja awiri. Munthu ukamamira sufunsa kuti chingwechi waluka ndani. Ndinanena kuti Lolemba sindisayina.

Mwana wanga anapsa mtima. Anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa anthu amene anadikira n'kutaya mwendo wonse. Ndinamuuza kuti achotse zimenezo pamaso panga, ndinamubereka ndine. Anatuluka akulira, osatsanzika. Bambo ake anatsala akupukuta magalasi amene anali oyera kale.

Lamlungu, 12 Meyi

Shuga 11. Kutentha kulibe. Kunabwera anthu oimba nyimbo zachipembedzo m'mawa, anaimba bwino, koma mutu wanga unali kuchala.

Mayi Wailesi ndi amene ananditsina khutu. Anati iwo sadziwa za mafoni, koma kumsika munthu akakuuza kuti wakuti wanena zakutizakuti, umafunsa kaye kuti nanga iwe unamufunsa bwanji. Ndinawayankha mwamwano kuti asamale mwendo wawo. Koma mawuwo anakhala.

Bambo atabwera, ndinawapempha kuti andiwerengere kuyambira pamwamba, osati yankho lokha koma ndi mafunso awo omwe. Anayamba kuzengereza, akuti batire latsala pang'ono. Ndinawalozera soketi ili pakhoma.

Anawerenga, mawu akutsika pang'onopang'ono. Poyamba anafunsa bwinobwino, ndipo Bambo Aulemu anayankha bwinobwino: ngati matenda ali m'fupa ndipo chala chada, madokotala amene achiona ndi maso ndiwo akudziwa, kuchedwa n'koopsa. Bambo sanakhutire. Analemba kuti koma mkazi wanga ndi telala, chalacho ndi chimene amadyera. Yankho linawamvera chisoni, koma silinasunthe kwenikweni. Analembanso kuti kutupa kwachepa, chala chikuoneka bwino, dokotalayo ndi mwana wamng'ono. Za kuda kwa chala sanazitchulenso. Anapitiriza choncho, kukankha, kukankha, mpaka anapeza mawu aja anandibweretsera dzulo. Ndipo ngakhale pamenepo, pansi pake panali mzere wonena kuti ndisasankhe ndisanakambirane ndi adokotala, chifukwa Bambo Aulemuwo sangaone phazi langa. Mzere umenewo bambo anaudumpha.

Ndinawafunsa kuti chala chikuoneka bwino munachiona liti, poti anesi akamamasula bandeji mumathawira pakhonde.

Anaika foni pabedi. Kenako anati: "Mayi, chibwerereni kuno sindinakubweretsereni chilichonse chothandiza. Malalanje akukanizani. Ndimafuna ndibwere ndi nkhani yabwino, kamodzi kokha."

Ndinafuna kuwakalipira. Koma mwamuna ameneyu anandiperekeza kukagula makina anga oyamba, anawanyamula pamutu. Ndinangowagwira dzanja n'kunena kuti ndinu opusa, bambo, ndipo iwo anavomera.

Mwana wanga anabwera madzulo maso ali otupa. Nditamufotokozera, naye anaulula kuti m'mulu mwake muja analipo masamba a zipatala onena kuti ena amachiradi ndi mankhwala okha ngati chala chikadali chamoyo, koma iye ankasankha zoopsa zokhazokha kuti ndichite mantha ndisayine. Ha! Wina wakankha mlangizi wake mpaka wagwada, wina wavundukula mulu n'kutola chimene anabwerera. Onse awiri chifukwa chondikonda, ndipo ine pakati ndi chala chowola. Mapanga awiri avumbwitsadi.

Tinadya limodzi buledi ndi mazira. Palibe anagwira foni.

Lolemba, 13 Meyi

Shuga 10.

Watsala mmodzi woti ndimuyese. Adokotala atafika ndi pepala lawo, ndinakwinya nkhope ngati ndili m'shopu. Ndinati: "Adokotala, mwalakwitsa. Phazi ndi langa, ndakhala nalo zaka zambiri kuposa zanu zobadwa. Likuchira. Ngakhale pafoni anena kuti mankhwala okha akwana."

Mayi Wailesi anadziphimba kukamwa ndi chofunda.

Adokotala sanapepese, komanso sanakwiye. Anaika pepala pambali, anavala magolovesi, anamasula bandeji yonse, n'kundiuza kuti ndidzuke ndione ndekha. Chibwerereni ndinali ndisanayang'anitsitse. Anandionetsa mzere uja anajambula Lachiwiri. Mbali ina kutupa kwabwerera m'mbuyo, n'zoona. Koma kunsi kwa chala kwadumpha mzere, kukulowera kuphazi. Anabaya kunsonga ndi kasingano, sipanatuluke magazi. Anabaya pamwamba pang'ono, anatuluka.

Anati: "Zapafonizo si bodza, mayi. Alipo amene amachira choncho. Koma chala chanu apa chafa kale, ndipo chikukoka chinzake. Mukakana sindikukakamizani, koma sindinganene kuti chikuchira pamene sichikuchira."

Ndinafunsa ngati ndidzapalasanso makina. Anati sangalonjeze, koma phazi likatsala, mwayi ulipo waukulu, chifukwa chopondera chimafuna chidendene ndi chikhatho cha phazi kuposa chala. Ndinafunsa kuti akudziwa bwanji zimenezo. Anati amayi awo anali ndi makina otero.

Ndinapempha cholembera. Ndinasayina. Chodabwitsa n'chakuti nditangosayina, njala inandigwira, ndipo ndinadya mbale yonse.

Lachiwiri, 14 Meyi

Osadya kuyambira m'mawa. Anandibaya kumsana, miyendo inachita dzanzi. Ndinamva zitsulo zikulira, ululu ayi. Zatha. Ndikufuna kugona.

Lachitatu, 15 Meyi

Ululu ulipo, wandikumbutsa kuti phazi likadalipo. Mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo. Shuga 9. Chala chimene kulibe chikuyabwa. Anesi akuti zimachitika.

Lachisanu, 17 Meyi

Shuga 8, chibwerereni sanatsikepo chonchi. Amasula bandeji. Ndinayang'ana. Zala zinayi, zili ndondondo ngati ana amene mkulu wawo wapita kutali. Chilonda n'choyera, fungo latha, kutupa sikunapitirire. Adokotala anangoti zili bwino, ndipo kwa munthu wouma pakamwa ngati ameneyu amenewo ndi mawu ambiri.

Ndinayembekezera kulira, koma misozi sinabwere. Ndili bwino. Ndikudabwa nazo, koma ndili bwino ndithu.

Mafoni abwereranso, koma tsopano akugwira ntchito ngati anthu aulemu. Bambo amafunsa Bambo Aulemu za zakudya za munthu wa shuga, ndipo amandiwerengera funso ndi yankho lomwe, mpaka mzere womaliza. Mwana wanga amakafufuza ngati masamba a zipatala akuvomereza. Zikasiyana, timafunsa anesi. Dzulo Bambo Aulemu anatchula dzina la buku lina la zakudya, mwana wanga analifunafuna osalipeza paliponse, ndipo atauzidwa anapepesa ndi ulemu wawo uja. Lero Kaunjika anatibweretsera tiyi wochiritsa shuga m'masiku atatu, ndipo Bambo Aulemu ndi amene anati chenjerani nazo. Aliyense ali ndi tsiku lake.

Mayi Wailesi apempha bambo kuti awafunsire ngati mwendo wawo udzakhale wofanana ndi unzake. Ndinawauza kuti afunse kamodzi kokha, ndipo akayankhidwa asatsutse.

Lolemba, 20 Meyi

Achotsa diripi, tsopano ndi mapiritsi okhaokha. Kwabwera bambo wophunzitsa kuyenda, ndi ndodo ziwiri. Ndinaima, chipinda chinazungulira, ndinakhala. Ndinaimanso. Ndinafika mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera, ndikupondera chidendene, thukuta lili kamukamu. Mayi Wailesi ankaulutsa ulendo wonse ngati mpira.

Atsikana a kushopu atumiza uthenga kuti mayunifolomu atha ndipo eni ake atenga. Sindinafunse za misoko, ndikaona ndekha.

Lachitatu, 22 Meyi

Anditulutsa lero. Shuga 7. Mapiritsi a masabata anayi, jakisoni ndizidzibaya ndekha, kutsukitsa chilonda kawiri pa sabata, kuyang'ana mapazi tsiku lililonse ndi galasi. Makina ndidikire mpaka adokotala atalola. Ndalonjeza, ndipo mwana wanga analemba lonjezolo pamaso pa anesi.

Ndatsanzikana ndi Mayi Wailesi. Anati wodi ikhala yozizira, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu anawathera.

Bambo anafika mochedwa ndi chikwama cha zovala zanga zotulukira. Ndinatulutsa diresi, mpango, kenako pansi penipeni nsapato zanga zakuda zopitira kutchalitchi. Yakumanzere inali ndi fumbi lake la masiku onse. Yakumanja inali yokulungidwa m'nyuzipepala, yopolishidwa mpaka kuwala.

Ndinafunsa kuti bwanji iyi yokha. Mwana wanga ndi amene anayankha, bambo ake akuyang'ana kudenga. Akuti tsiku lomwe adokotala anatchula za phazi lonse, bambo anafika kunyumba n'kupeza nsapatozo zili pakhomo pamene ndinazisiya. Anatola yakumanja, anaikulunga, n'kuibisa pamwamba pa kabati, kuti ngati zinthu zitavuta ndisadzaipeze ikundidikira. Lero m'mawa anakwera pampando kukaitsitsa, ndipo n'chifukwa chake achedwa.

Siyingalowe, bandeji ndi yaikulu. Anesi anati ndiibweze m'chikwama. Ndakana. Ndavala yakumanzere, ndipo yakumanja ndaiika pamiyendo. Bambo akukankha njinga ya odwala imene ndakhalapo, ine nsapatoyo ndaigwira ndi manja awiri, tikupita kunyumba.